Chitseko cha a Hu Kanoti

Ayi aphunzitsi, pepala ndilibe. Ndikanalitani pepala ine? Inu mwakhala pamenepo ndi cholembera, ine ndaima pano ndi pakamwa, ntchito tagawana. Chimene ndinene muzilemba, poti amayi a bungwewa akufuna mudzawatembenuzire m'Chingerezi apite nazo kwawo. Ndikanena chopusa ndikuuzani kuti musalembe. Ndiyambe? Chabwino, ndiyambe mmene amayambira akuluakulu.

Olemekezeka a shefi aakulu amene tinawayembekezera kuchokera ku boma, amene mpando wawo ndi uwo wayalidwa nsalu yoyerawo, ngakhale eni ake sanafike chifukwa galimoto yawo yaima kutsidya kwa mtsinje, paja mlatho unagwa nthawi ya nkhondo. Olemekezeka a Valentim, a sekeretariyu, amene awoloka wapansi buluku atapinda mpaka m'maondo, n'kubwereka njinga tsidya lino, kuti boma lisasowe nkhope pamwambo uno. Olemekezeka amayi a bungwe limene latipatsa malata ndi zipangizo, amene dzina lawo ndaliyeserera sabata yonse koma lilime langa lakana, andikhululukire. Olemekezeka mafumu athu. Olemekezeka a katekista ndi a shehe, amene lero akhala benchi limodzi. Olemekezeka aphunzitsi athu a Filomena, amene akulembawa. Inu amene munagwira mfuti mbali iyi ndi inu amene munagwira mfuti mbali inayo, amene nanunso mwakhala benchi limodzi, poti mabenchi ku Itepela kuno ndi ochepa. Inu amene tinathawira limodzi ku Malawi, ndi inu amene munatsala m'mapiri. Amayi, abambo, ana. Ndi inu achimwene a Bernardo, amene mwakhala patali uko pansi pa mango, mukuyang'ana kumbali ngati simukumva: nonse ndakupatsani moni.

Amene simundidziwa, ngati alipo, ine ndine Mateyu, wapampando wa komiti youmba njerwa. M'mawa uno ndadzuka ndili wa njerwa, dzuwa lisanafike pamutu ndapezeka ndili mlendo wolemekezeka. Mlendo! Nyumba yanga ndi iyo ikuonekayo, ndipo mbuzi imene ikudya maluwa a pa tebulo la aulemu ndi yanga. Wina aithamangitse. A Valentim anandikokera kuseri n'kunena kuti, bambo Mateyu, mwambo suyenda popanda mlendo wolemekezeka, ndipo inuyo ndi amene mwavala jekete. Ndiye musandiombere m'manja ine. Lasankhidwa ndi jeketeli, ine ndangoliperekeza.

Olemekezeka nonse, nyumba imene tasonkhanira lero ndi ofisina, nyumba ya ukalipentala, yoti abale athu amene anaponda mina, mabomba okwirira aja, pobwerera kwawo, ndi ena amene miyendo inawakana kalekale, aziphunziramo kucheka ndi kupala matabwa, kuti dzanja limene likanatambasuka kupempha lizitambasuka kulandira malipiro. Njerwa tinaumba tokha, mchenga anatuta amayi, malata anakwera komboyo, sitima ya pamtunda ija, mpaka ku Cuamba, anakwera lole mpaka pamtsinje, kuchoka pamtsinje anakwera mitu yathu. Ngakhale chitseko tinakhoma tokha a komiti, mmisiri atatikana. M'katimo muli bokosi la zipangizo zatsopano, macheka, nyundo, tchizulo, pulaina yopalira matabwa, zonse zonyezimira moti mwana akhoza kudzionerapo nkhope.

Chimene mulibe m'katimo ndi mmisiri. Ndinene poyera, poti nonse mukudziwa ndipo mwakhala mukunong'onezana kuyambira m'mawa. Amayi a bungwe anena mwaulemu kuti zipangizo sizingagone m'nyumba yopanda mwini ntchito. Dzuwa la lero likalowa popanda wolandira kiyi, bokosi lija likweranso mitu yathu kubwerera pamtsinje, likwere lole imene ikudikira kutsidya, lipite ku Mandimba kumene kuli ena akulifuna. Sitikuwadzudzula amayiwa, nawonso ali ndi owafunsa. Tidzatsala ndi nyumba ya malata yogona mileme. Mmisiri woti angaphunzitse ena ku Itepela kuno ndi mmodzi yekha. Dzina sinditchula. Ali pansi pa mango.

Ndiye mufunsa kuti, munthu amumangira nyumba ya malata, iye akugona ya udzu, akukaniranji? Kwezani maso. Chikwangwani icho pamwamba pa khomo. Chalembedwa m'Chingerezi, osati chifukwa choti kuno Chingerezi chachuluka ayi, koma chifukwa amayiwa ajambula chithunzi chipite kwa amene anapereka malata, ndipo amenewo Chinyanja chathu sachimva, Chipwitikizinso sachimva. Ine sinditha kuwerenga, koma mawu a pamenepo ndawasunga m'mutu. Akuti: pipo hu kanoti woku. Aphunzitsi, lembani mmene ndatchuliramo, mukakonza kunyumba. Tanthauzo lake akuti, anthu amene sangathe kuyenda.

Ife amene tinadya ufa wa ku kampu, mawu amenewa timawadziwa ngati dzina la m'bale wathu. Taonani, ena ayamba kale kuseka. Dikirani, ndiwafotokozere amene anatsala m'mapiri. Titathawira ku Malawi, kupitirira Chiponde, anatiika pa kampu. Tsiku logawa zinthu linali Lachinayi, ndipo kunali kalaliki wina wa chimkuzamawu. Masiku wamba ankalankhula Chichewa ngati munthu. Koma kukabwera azungu odzayendera, ankayamba kaye m'Chingerezi, kuti alendo aone kuti ntchito ikugwirika. Amvekere: hu kanoti woku, mbali iyi! Hu kanoti sii, mbali iyi! Hu kanoti sitandi, khalani pansi! Kanoti uja sanativute. Wina anatinong'oneza kuti ndi nau pode wa Chipwitikizi, kunena kuti sangathe, ndipo nau pode tinali titamumva mokwanira pa zipata za asilikali. Woku kuyenda, sii kuona, sitandi kuimirira, zonsezo tinatola pang'onopang'ono. Koma hu palibe anatiuza. Ndiye mutu wanga uno unagwira ntchito. Ndinati, Hu ndi dzina la munthu.

Sekani, koma ine chifundo chinandigwira. Ndinati, a Huwa ndi munthu wa tsoka bwanji. Kuyenda sangathe, kuona sangathe, kuimirira sangathe, matenda onse a dziko anakumana pa munthu mmodzi. Koma ndikayang'ananso, bulangete loyamba la a Hu, mafuta ophikira a Hu, pulasitiki yofolera msasa ya a Hu. Ndinkasuzumira pamzere kuti ndiwaone nkhope, osawapeza. Ndinafunsa a Bernardo, paja kuno tinali oyandikana nyumba, kumenekonso tinakayandikana misasa. Ndinati, achimwene, a Huwa ndi Ayao kapena Alomwe? Iwo anaganiza n'kunena kuti, dzinalo silikumveka la kuno, mwina ndi ochokera ku gombe. Amayi a kunyumba kwanga anati, kaya ndi mtundu wanji, ndikanadziwa ndikanakwatiwa ndi a Hu omwewo, osati inu a miyendo iwiri opanda bulangete. Aphunzitsi, izo musalembe. Mwalemba kale? Basi, zatha, ndikazimva kunyumba.

Amene anandimasula ndi aphunzitsi omwewa, nthawi imeneyo ali mtsikana wa sukulu ya pa kampu. Ndinakumana nawo akuchokera kumjigo. Ndinati, iwe Filomena, pepani, nthawi imeneyo munali iwe, a Hu amakhala msasa uti, ndikawazonde? Anaseka mpaka ndowa inagwa pamutu. Amvekere, malume, Hu si munthu. Hu ndi kamawu kaja ife timati amene. Mngerezi akafuna kunena za munthu wosatha chinthu, amayamba watchula munthuyo, kenako hu, kenako kanoti, kenako chinthu chamukanikacho. Ine ndinati, ohoo, ndiye kuti zili ngati kumanga katundu pa njinga. Munthu ndiye njinga, kanoti ndiye thumba, hu ndiye mphira womangira pa kaliyala. Iwo anati, eya, koma njinga yeniyeni simungaipatse hu. Njinga yosayenda, wailesi yosalankhula, mpeni wosadula, zimenezo zimamangidwa ndi mphira wina, dzina lake wichi. Hu ndi wa anthu. Apo ndinathokoza, olemekezeka. Tinali titataya minda, titataya nyumba, titataya ziweto, titataya dziko lenilenilo, tikugona pansi pa pulasitiki ya eni, koma pa chimkuzamawu paja tinali tikadali a hu, tinali tisanafike pa wichi.

Vuto linabwera nkhani itafala kuti Hu si munthu mmodzi, ndi udindo woti aliyense akhoza kuupeza. Abale anga, kampu inalumala. Amuna amene anayenda wapansi kuchoka ku Itepela kuno, m'dera la Ngauma, kudutsa m'mapiri, makina osokera ali pamutu, mwana ali paphewa, likafika Lachinayi miyendo inkafa. Amayi oti amaona nsabwe m'mutu mwa mnzawo ali tsidya la msewu, tsiku limenelo ankachita kutsogozedwa ndi ndodo. Akalandira bulangete n'kukhotera kuseri kwa nyumba yosungira katundu, onse ankachira, zozizwitsa zimene ngakhale a katekista sanaziwerengepo m'buku lawo. Ndipo a Hu enieni, osaona enieni ndi osayenda enieni, ankapezeka ali kumbuyo kwa mzere, poti analibe mphamvu zokankhana ndi odwala atsopanowa. Mayina sinditchula, ena akhala kutsogolo kuno avala bwino. Ine bondo linkandipweteka zenizeni. Kungoti linkakonda kupweteka Lachinayi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anaukana udindowo. A Bernardo. Iwo anabwereka macheka kwa kalipentala wina wa m'mudzi wa eni nthaka, n'kumakhoma timipando, zitseko za misasa, ndi ndodo zoyendera. A Hu enieni ankawapangira ndodo zowongoka, zosalala, zaulere. A Hu a Lachinayi ankawalipiritsa, ndipo ndodo imodzi ankaifupikitsa dala, kuti pofika madzulo azitsimphina zoona. Tsiku lina kukuzizira ndinawauza kuti, achimwene, tsimphinani kamodzi kokha mupeze bulangete, Mulungu amvetsa. Anandiyankha kuti, Mateyu, ine andiitane ndi chinthu chimene sinditha? Andiitane ndi chimene ndimatha, ndibwera chothamanga. Anagona m'chiguduli mpaka tsiku lobwerera.

Mtendere utabwera, malole anatitula ku Mandimba n'kutichenjeza kuti tiziponda pokhapo pamene wina waponda kale. Tinafika kuno midzi itasanduka tchire, mitengo ya mango yokha ndi imene inatiuza kuti apa panali nyumba ya uje. A Bernardo pothawa anali atakwirira zipangizo zawo m'thumba lopaka mafuta, kuseri kwa chulu cha kumunda kwawo. Zaka zonse za ku kampu ankazilota. Ndinawauza kuti, dikirani ochotsa mina adutse kaye. Anati, munda ndi wanga, njira ndinaiponda ndekha ndi mapazi angawa. Anapita. Anakumba. Anazipeza zili bwinobwino, dzimbiri pang'ono chabe. Pobwerera ndi pamene tinamva kuphulika.

Aphunzitsi, dikirani pang'ono.

Lembani chonchi: nkhondo yonse munthuyu anayenda ndi miyendo iwiri, umodzi unatengedwa ndi mtendere. Tinawakweza pa njinga, ine ndi akazi awo a Rukia tikukankha, mpaka tinapeza galimoto ya ku Mandimba, kuchoka apo ku chipatala ku Cuamba. Njira yonseyo pulaina yawo yakale anaikumbatira pachifuwa, anamwino anachita kuwanyengerera kuti aisiye.

Chibwerereni ku Cuamba, pulainayo ili patsindwi, eni ake ali pakhonde. Mpanda wathu ndi umodzi, ndimawaona. A Rukia akulima okha. Ndodo zimene akuyendera ndi zachitsulo za ku chipatala. Mmisiri amene anayendetsa kampu yonse akuyendera ndodo za eni. Ndipo ana osaleredwa bwino, amene anatola mawu ku kampu osadziwa kulemera kwake, akamadutsa pakhondepo amati, a Hu, mwadzuka bwanji. Makolo a anawo muli pompano. Mwamva.

Tsiku limene tinakweza chikwangwani, a Bernardo anatuluka. Koyamba kufika mpaka pa mango paja. Mtima wanga unati, basi, nyumba yawakoka. Ndiye mmodzi wa ife a komiti, amene anabwerako ku Malawi ndi Chingerezi cha theka, anaima n'kuwerenga mokweza kuti anthu adziwe kuti amatha: pipo hu kanoti weki. Wina anafunsa, weki n'chiyani? Amvekere, ntchito. Anthu amene sangathe kugwira ntchito. A Bernardo anangotembenuza ndodo zawo. Atafika kunyumba anandiitana pampanda. Anati, Mateyu, mwandimangira nyumba ya a Hu. Bulangete lawo ndinalikana ndikunjenjemera, lero ndilandire kiyi wawo? Ndinathamangira kwa aphunzitsi. Anati, ayi malume, wowerengayo waphonya, palembedwa woku, kuyenda, osati weki. Mawu awiriwa ali ngati mapasa, amene amawasiyanitsa bwino ndi mayi wawo yekha. Ndinabwerera ndi uthenga wabwinowo ndikupumira m'mwamba. A Bernardo anati, kaya woku kaya weki, kanoti ali pomwepo.

Ndinapitanso kwa aphunzitsi kukapempha kuti kanotiyo timupake laimu. Anati, mukamupaka, patsala mawu akuti anthu amene amayenda, ndipo eni malata adzafunsa kuti, oyenda tiwamangire nyumba chifukwa chiyani? Ndinaona kuti n'zoona. Kanoti yemwe watiletsa mmisiri ndi yemwenso watifolera denga. Koma anandiuza china chimene ndakhala ndikuchitafuna sabata yonse. Anati, malume, mawu omangidwa ndi hu satha okha. Ndinati, mukutanthauza chiyani? Anati, tayesani m'Chinyanja. Ndiye tiyese pano tonse. Tamverani bwino.

Munthu amene sangathe kuyenda...

Mwaona? Nonse mwandiyang'ana kukamwa. A shehe mpaka aweramira kutsogolo. Mukudikira. Watani munthuyo? Wakwatira? Waba nkhuku? Wapita ku Cuamba? Simungapite nawo kunyumba mawu amenewo. Ndi njinga yomangidwa katundu koma sinanyamuke. Chingerezinso n'chimodzimodzi. Pipo hu kanoti woku, basi? Atani? Aphunzitsi akuti mwana akalemba zimenezo m'kalasi n'kuika kadontho, amamubwezera kope kuti, maliza chiganizo chako.

Anandionetsanso china, anachita kujambula padothi ndi kamtengo. Akuti munthu akakhala wodziwika kale dzina, hu kanoti uja amaikidwa pakati pa timichira tiwiri, tija timapumitsa wowerenga, ndipo za pakatipo zimangonenedwa modutsa, ngati moni wa panjira iwe uli pa ulendo wina. Ukhoza kuzinyamula n'kuziika pambali, chiganizo chimaimabe. Koma uchotse dzina la munthu, kapena uchotse chimene akuchita, chonse chimagwa ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Ndiye ndayeserera. Mundilole, olemekezeka, ndiyesere pa inu. A shefi aakulu, hu kanoti kuwoloka mtsinje, akuyendetsa boma lonse. Amayi a bungwe, hu kanoti kulankhula Chinyanja, atifolera nyumba. A Valentim, hu kanoti kusambira, awoloka. A katekista, hu kanoti kuimba, pepani a katekista, mpingo wonse ukudziwa, amatsogolera nyimbo Lamulungu lililonse. Mateyu, hu kanoti kuwerenga ngakhale dzina lake, ndi mlendo wolemekezeka. Mwaona? Pabwalo lonse lino palibe amene alibe kanoti wake pa kaliyala. Kungoti ena kanoti wawo sakhomedwa pamwamba pa khomo. Sindinaonepo galimoto yolembedwa pachitseko kuti, ya anthu amene sangathe kuwoloka. Aphunzitsi, izo musa... aa, lembani, a Valentim aseka.

Tsopano ndilankhule ndi pansi pa mango. Aa, simulinso pansi pa mango? Mwasendera liti pa mulu wa njerwa? Chabwino, ndiye sindikuwa.

Achimwene, mwendo sindingakubwezereni, ndipo sindinama kuti Chingerezi chingaubweze. Chikwangwani sichinaname, simutha kuyenda mmene munkayendera. Koma amene anachilemba ku Cuamba, kaya utoto unamuthera, kaya Mulungu anamugwira dzanja, anasiya malo pansi pa mawuwo, thabwa loyera lokwana mzere wina. Ndafunsa amayi a bungwe kudzera mwa aphunzitsi, ndipo avomera kuti mmisiri wa nyumba ino ndi amene adzanene mawu omalizira, alembedwe pamenepo. Ine sindingamalize, si chiganizo changa. Abale athu odzaphunzira aja akhala pamphasa apo, wina anaponda mina akudula nsungwi, wina akupita kukatunga madzi, akudikira kuti amve kuti chiganizo chawo chimatha bwanji. Munati akuitaneni ndi chimene mumatha, mubwera chothamanga. Kuthamangako takukhululukirani. Bwerani mmene mungathere.

Chabwino. Dzuwa likadalipo, lole ikadali kutsidya.

Olemekezeka nonse, ndisanatope ndi jeketeli, ndithokoze. Ndikuthokoza boma chifukwa cha malo, ndikuthokoza bungwe chifukwa cha malata ndi bokosi, kaya ligona kuno kaya ku Mandimba. Ndikuthokoza amayi amene anatuta mchenga ana ali kumbuyo, ndi abambo amene anaponda dothi mimba zili pululu. Ndikuthokoza inu amene dzulo munkasakana m'tchire, lero mwapatsirana njerwa dzanja ndi dzanja, osafunsana kuti unali mbali iti. Ndikuthokoza ochotsa mina, amene amayenda chogwada kuti ife tiziyenda choimirira. Ndikuthokoza a Rukia, amene khasu lawo likudyetsa nyumba yonse ndipo sitinawamvepo akudandaula pampanda. Ndikuthokozanso a Hu, kulikonse kumene ali, poti popanda iwo denga ili sitikanaliona.

Tsopano tifike pa ntchito. Kansalu ka kapulana kamene tatchinga pakhomo aka tikadule. Sizasi ili kuti? Ili m'bokosi, m'katimo? Tabwerekani mpeni. Eya, kaduka. A Valentim, kiyi.

Ndi mphamvu zimene andibwereka a shefi aakulu amene ali kutsidya, ndi ulemu umene landipatsa jeketeli, m'dzina la anthu a ku Itepela, obwerera ndi otsala, oyenda ndi osayenda, ine Mateyu ndikulengeza kuti ofisina iyi yatsegulidwa.

Yatse... dikirani. Kiyi wazungulira. Chagwira m'munsi. A Valentim, tathandizani phewa. Ayi, kwezani kaye, kenako kankhani. Dzulo chimatseguka ichi. Chabwino, sichimatseguka kwenikweni, tinkalowera pawindo. Thabwa linali laliwisi, ndipo felemu tinayeza ndi maso. Amene mukunong'ona kuti ndinakhoma mokhota dala, mukundilemekeza kwambiri, kukhota kwanga n'kobadwa nako. A katekista, bwerani nanunso. Limodzi! Aa. Aphunzitsi, lembani kuti yatsegulidwa. Mwalamulo yatsegulidwa, chitseko chokha ndi chimene sichinamve. Olemekezeka nonse, mawu anga athera pakhomo pompano. Zikomo kwambiri.

Mwati chiyani, achimwene? Khalani chete uko, oyandikana nane nyumba akulankhula. Aphunzitsi, izi lembani zonse, musasiyeko ngakhale kamchira. Akuti:

"Musachimenye ndi mapewa, muthyola felemu. Kiyiyo bweretsani kuno. A Rukia, kanditengereni pulaina yanga patsindwi paja. Ndipo Mateyu, hu kanoti kukhoma chitseko, andigwirire ndodozi."